Timabowo pa Kapinga wa a Mulenga

"Sindigwada," anatero Marjorie Chisale. "Nenani zina zonse, a mkulu, koma zogwadazo ayi."

Anali ataima pakhomo la khitchini m'nyumba ya a Biswick Kamwendo ku Barking, jekete lili m'thupi. Pafupi ndi zenera panakhala a Shadrick Gondwe, mkulu wa mpingo, amene anabwera ndi nzeru yothetsera nkhani. A Biswick anali pakati pa awiriwo, ketulo ili m'manja. Anagwira ntchito yofufuza milandu kupolisi ya Zomba asanatsatire mwana wawo ku London, ndipo anthu a mumpingo ankawagogoderabe zinthu zikathina.

"Mwana wanga, palibe wanena kuti unachita dala," anatero a Shadrick. "Koma nkhalamba yavulala ili m'manja mwako. Kwathu timatani? Timatenga akuluakulu, kupita kubanjako, kugwada, kupepesa. Mayi Winfrida, mwana wa nkhalambayo, mtima ukatsika akachotsa dandaulo lawo ku agency imene inakulemba ntchito, iwe n'kubwerera pantchito. Ndakonza kale, tipita Loweruka."

"Ndikagwada Loweruka, Lolemba a agency alemba kuti ndavomera. Nanga visa yanga ili m'manja mwa ndani? Mwa iwo omwewo. Andichotsa ntchito, dzina langa lilowa m'gulu la ozunza okalamba, kenako ndege. Ine ndinabwera kuno kudzasambitsa anthu, osati kudzawathyola zala."

"Kudzikuza kumeneko."

"Kaya. Ndi kudzikuza kwanga komwe."

A Biswick anaika ketulo pansi. "Khala, Marjorie. Kumwa tiyi si kuvomera mlandu. Undiuze kuyambira poyamba, ngati sindinamvepo kanthu."

Marjorie anakhala m'mphepete mwa mpando. Ankasamalira a Maurice Mulenga, mkulu wa ku Zambia amene anayendetsa mabasi a mu London mpaka kupuma. Sitiroko inawafooketsa mwendo, ndipo iye ankapita kunyumba kwawo ku Romford m'mawa uliwonse kukawasambitsa ndi kuwakonzera chakudya. Lamlungu anawasiya ali bwino, akudikira mwana wawo wamwamuna, Rogers. Lolemba anawapeza atabisa dzanja lamanja m'bulangete. Powavula shati anakuwa. Chala chachikulu chinali chitatupa ngati mbatata. Nthawi yomweyo analowa Winfrida, mwana wawo wamkazi, n'kupeza bambo ake akukuwa, dzanja lawo lili m'manja mwa Marjorie.

"Kuchipatala anati chiyani?"

"Akuti mtsempha wa chalacho unaduka. Akuti china chake chinachikokera kunja mwamphamvu. Winfrida akuti chinthucho ndi ine."

"Eni ake a chala akuti bwanji?"

"Akuti sakukumbuka." Marjorie anaseka pang'ono, mopanda kukondwa. "Munthu amene amakumbuka nambala ya basi iliyonse imene anayendetsa."

"Unaona chachilendo chilichonse Lolembalo? Ngakhale chachabechabe."

Anaganiza. "Thalauzi lawo la Lamlungu. Ndinalipeza m'makina ochapira, lonyowa, lochapidwa kale. M'nyumba imene ija, a Kamwendo, sindinaonepo mwamuna akuyatsa makina aja."

"Linayera?"

"Ayi. Pabondo panali pobiriwira."

A Biswick anatembenukira kwa a Shadrick. "Loweruka lanu lisasinthe. Tipita tonse. Koma mundipatse masiku apakatiwa."

* * *

Luntha, mwana wa a Biswick, anali nesi kumbali yomanga mafupa. Anakumana nawo pa nthawi yopuma, pabenchi ya panja pa chipatala, sangweji ili m'manja.

"Adadi, za odwala sindinena. Mukudziwa."

"Sindikufunsa za wodwala. Ndikufunsa za chala. Munthu atakupotokola chala chachikulu mpaka mtsempha kuduka, pamaoneka chiyani?"

"Kawirikawiri zala za wopotokolayo zimasiya mawanga. Khungu la nkhalamba silichedwa kunena."

"Popanda mawanga?"

"Ndiye mwina anagwa. Ifeyo zala zoterozo zimatichulukira mu February, anthu akamabwera ku holiday za ku mapiri a sinowo, oyera ndi madzi oundana aja. Amatsetsereka atagwira ndodo ziwiri zija, eti? Ndodo iliyonse ili ndi kalamba pamwamba. Tapatseni ambulera yanuyo."

Analowetsa dzanja m'kachingwe ka ambulera, n'kugwira chogwirira.

"Taonani. Ndikagwa, dzanja limafuna kutambasuka kuti ndigwire pansi. Ndodo ikanatha kuuluka, palibe vuto. Koma lambayu waimangirira kwa ine. Ndiye ndimagwa ndodo ili pakati pa chikhatho ndi chala chachikulu, thupi lonse n'kubwera pamwamba. Chala chimapita uko, dzanja uko. N'chifukwa chake ndodo zina amazipanga kuti lamba azimasuka yekha ukagwa, ndipo anthu ena salowetsamo dzanja n'komwe."

"Lambayo amasiya chizindikiro?"

"Ngati anathina, amasupula apa, pomwe timavala wotchi." Anawayang'ana m'mbali. "Ndi za a Mulenga izi, eti? Nkhani yafala mumpingo monse. Koma Adadi, a Mulenga ndi sinowo? Munthu amavala majuzi awiri mu July."

"N'zimene zikundivuta," anatero a Biswick, n'kutenga ambulera yawo.

* * *

Wodwala sakanizidwa womuzonda. A Biswick anakwera sitima ya ku Romford ndi jumbo ya malalanje, ndipo Winfrida anawatsegulira, ngakhale nkhope yake sinatseguke.

"Ngati mwabwera kukambira uja mukazi, ba Kamwendo, bwelerani chabe."

"Ndabwera kudzaona mnzanga wa bawo."

"Ine ninamuona na maso yanga. Ba Daddy benze kulira monga mwana, yeve anagwira kwanja. Manje mufuna chani futi? Video?"

"Lamlungu munalipo?"

"Nenze ku shift. Rogers ndiye anabwera, anakamba ati bonse benze bwino, banatamba bola pa TV mpaka anayenda." Anatsitsa mawu. "Ninabauza kudala, ba Daddy bafunika care home, nyumba ya nkhalamba kuli bantu usiku na muzuba. Tinapangana. Bakagwa chabe kamozi, bayenda. Manje onani, sibanagwe, koma muntu wamene tinakhulupirira ndiye abapweteka."

A Mulenga anali pampando wawo m'chipinda chochezera, dzanja lili m'chikhakha, chala chachikulu chitaima chokha. Anali munthu wamkulu thupi, wa ndevu zometedwa bwino, ndipo anavala tayi ngakhale sankapita kulikonse.

"Kamwendo! Wabwera kuniseka?"

"Ndabwera kudzaona ngati mungasewere bawo ndi dzanja lamanzere. Mwina mungayambe kupambana. Zinatani, achimwene?"

"Sinikumbuka."

"Mtsikana uja anakupotokolani?"

A Mulenga anayang'ana pa TV, imene inali yozima. "Nakamba ati sinikumbuka."

A Biswick anasenda lalanje mosafulumira. Pakona panali fulemu, chitsulo cha miyendo inayi chimene a chipatala amapatsa ofooka miyendo kuti aziyendera. Panali patayanikidwa thawulo. Malemu mkazi wa a Biswick anayendera chitsulo chotere chaka chawo chomaliza, ndipo a Biswick ankadziwa mmene timphira ta kumiyendo timathera msanga. Timphira ta fulemu iyi tinali tatsopano ngati tochokera m'sitolo.

Popereka lalanje anayang'ana dzanja lovulalalo. Pamwamba pa chikhakha, pomwe chinathera, panali mzere wofiira wozungulira mkono, khungu litasupuka pang'ono. Mawanga a zala panalibe.

"Mumatuluka panja masiku ano?"

"Na mwendo uyu? Nikafike kuti?"

"Ndiye ine ndikupumireniko mpweya. M'sitima munali motentha."

Anatulukira khomo la kuseli. Kunali kabwalo ka kapinga, konyowa ndi mvula ya sabata yonse, ndipo kumapeto kwake kunali kadimba ka nkhwani, kapena kuti chibwabwa m'kalankhulidwe ka ku Zambia, kamene a Mulenga ankanyadira chaka ndi chaka. A Biswick anawerama. Pa kapinga panali timabowo tating'ono, tina kumanja, tina kumanzere, totsatana kuchokera pakhomo kulowera kudimba. Kabowo kalikonse kanali ndi kamkombero kodindika mozungulira. Pafupi ndi dimba timabowo tinathera pamalo pamene kapinga anali wophwanyika, matope ataonekera.

Pobwerera anaima m'kanjira ka m'nyumba. Pakhoma panali zithunzi za banja. Pa chimodzi panali Rogers atavala magalasi aakulu, kumbuyo kwake phiri loyera, m'manja ndodo ziwiri. Kumunsi kwa ndodo iliyonse, pamwamba pa nsonga, kunali kamkombero.

* * *

Rogers Mulenga ankagwira ntchito ya makompyuta m'tauni. A Biswick anamudikira madzulo pamalo oimika magalimoto pafupi ndi siteshoni. Anali mwamuna wa zaka za m'ma makumi anayi, wokulira ku London, amene Chinyanja chinkamutuluka ngati akuchikoka m'thumba.

"Uncle! Muli bwanji? Mufuna lift?"

"Ndikufuna ndodo."

"Ndodo za chani?"

"Za pachithunzi. Za kuphiri loyera."

Rogers anaseka mofulumira kwambiri. "Zija? Ninapita once chabe na ba ku office. Ninagwa the whole week. Sinizibanso kwamene zili."

"Lamlungu munaonera mpira ndi bambo ako?"

"Ee."

"Ndani anachapa thalauzi?"

Makiyi a galimoto anasiya kulira m'manja mwa Rogers.

"Munthu woonera mpira pampando sadetsa bondo ndi kapinga," anatero a Biswick. "Fulemu ija sinayendepo. Koma wina wakhala akuyenda kuseli kuja ndi ndodo ziwiri zakuthwa kunsonga, ndipo anagwa pafupi ndi chibwabwa. Si Winfrida. Si Marjorie. Tatsegula buti ya galimoto."

"Uncle, please."

"Sindine wapolisi kuno. Ukhoza kukana."

Rogers sanatsegule. Anatsamira pagalimoto, n'kupukuta kumaso. "Ba Daddy anakana frame. Anati ni ya bantu bofa kudala. Anankhala pa chair miyezi, Uncle, kuyangana chabe pa window. So ninabapatsa ma poles. Anayamba kuyenda. Anayamba kuseka futi. Is that a crime?"

"Ayi. Chimene chinatsatira ndiye mlandu."

"Ananilumbiritsa. Anati Winnie akaziba ati nagwa, mailo nili mu care home. Anati kufa ni better. Sitinazibe ati chala chizatupa so. Sitinazibe ati bazakamba Marjorie."

"Lolemba munadziwa. Lero ndi Lachinayi."

"Ba agency bazamupeza na ntchito ina, surely."

"Akamuchotsa ndi mlandu umenewu, akwera ndege, ndipo ali ndi ana awiri pasukulu ku Mzuzu. Ukudziwa zimenezo, chifukwa zithunzi zawo zili pa firiji ya bambo ako."

Rogers analowa m'galimoto. Anatsitsa galasi, osayang'ana a Biswick. "Ni ba Daddy banga, Uncle. Ninalumbira. Mukakamba, nizakana."

Galimoto inachoka, ndodo zili m'buti.

* * *

Loweruka masana chipinda chochezera cha a Mulenga chinadzaza. A Shadrick anabwera ndi suti ndi Baibulo. Winfrida anakhala pafupi ndi bambo ake, manja atapinda. Rogers anaima pazenera. Marjorie analowa pomalizira, atavala yunifolomu yake ya ntchito, yosita bwino.

Panjira a Biswick anali atamuuza zonse. Anamvetsera osadula mawu, kenako anati, "Musanene ndinu. Ndikufuna zituluke m'kamwa mwawo."

A Shadrick anapemphera, n'kuyamba. "Ife a mpingo tabwera ndi mwana wathu, modzichepetsa, monga mwa mwambo wathu." Anatsitsa bondo limodzi pa kapeti, n'kukodola Marjorie.

Marjorie sanasunthe.

"Mwaona?" anatero Winfrida. "Na kugwada akana. Mwabwera kuchita chani kansi?"

"Ndabwera kudzafunsa funso limodzi, ndipo si kwa inu." Marjorie anayenda mpaka patsogolo pa mpando wa nkhalamba. "A Mulenga, moni."

"Bwanji, mwana wanga," anayankha chapansipansi.

"Ndakusambitsani kuyambira pamene munatuluka m'chipatala. Ndikudziwa kuti madzi mumafuna otentha bwanji. Ndikudziwa kuti tayi mumamanga nokha ngakhale zitenge m'mawa wonse, ndipo sindikuthandizani chifukwa simufuna. Tsiku lija munadziipitsira pabedi, ndani anamva? Palibe. Ndinachapa, n'kutseka pakamwa. Tsopano ndiyang'aneni. Ndinakupotokolani chala ine?"

"Osabaopseza!" anakuwa Winfrida.

"Sindikuopseza. Ayankhe kuti ee, ndinyamule chikwama changa ndizipita kwathu. Koma anene akundiyang'ana."

A Shadrick anali akadali pa bondo limodzi, osadziwa ngati adzuke. A Mulenga anayang'ana chikhakha chawo, kenako TV yozima ija, kenako anakweza maso.

"Rogers," anatero. "Leta ndodo zanga."

"Daddy, simufunika..."

"Nakumasula. Leta."

Rogers anatuluka. Anabwera ndi ndodo ziwiri zachitsulo, zofiira, matope ouma akadali pa timikombero. Winfrida anaziyang'ana ngati njoka zalowa m'nyumba.

"Ni vichani ivi?"

"Ni mendo yanga," anatero a Mulenga. "Nakhala niyenda nazo kuseli kuyambira Easter. Pa Sondo ninaterereka pafupi na chibwabwa. Ninagwa. Uyu mwana sanalipo."

"Tationetsani mmene munkagwirira," anatero a Biswick.

Nkhalamba inatenga ndodo imodzi ndi dzanja lamanzere. Inalowetsa dzanja m'kalamba, n'kupotokola ndodoyo kawiri mpaka lambayo anathina pamkono, kenako inakolowekanso chala chachikulu m'lamba momwemo.

"Ndani anakuphunzitsani choncho?"

"Palibe. Ninakulira mu Lusaka, Kamwendo. Chintu chili na lamba, umamanga ku kwanja. Chola, wailesi, vonse. Ukagwira chabe so, bakabwalala bakutengera pa station. Ine sinitayapo chintu mu umoyo wanga."

"Ndodoyi inafunika kutayika," anatero a Biswick. "Mukanaisiya kuuluka, mukanangodetsa thalauzi."

Winfrida anaimirira. "Munagwa. Munagwa, imwe babili munanibisa, ine nayenda kunamizira muntu ku agency. Daddy, tinapangana. Mukagwa kamozi..."

"Unapangana weka. Ine ninangokhala zii chifukwa nenze odwala." A Mulenga anamenya nsonga ya ndodo pa kapeti. "Iyi nyumba ninagula na steering. Amai bako banafera mu room ija. Nikagwa, nizagwa muno. Ukanipereka ku care home, uzanipereka monga katundu, pa mendo yanga siniyenda."

Anatembenukira kwa Marjorie. "Mwana wanga, ninachita mantha. Ninakusiya unyamule. Nikhululukire."

A Shadrick anadzuka, akupukuta bondo. "Tamandani Mulungu. Ndiye tagwiranani chanza, nkhani ithere pompano."

"Sinathe," anatero Marjorie. "Ndamva, a Mulenga. Zokhululuka tikambirana, si lero. Mayi Winfrida, foni yanu ili m'manja. A agency Loweruka amayankha. Muwauze zimene mwamvazi, muike pa speaker, ndimve ndi makutu anga. Lolemba mukawauzenso pamaso, inu ndi achimwene anu."

"Niyimba mailo, nikakhazika mutima."

"Ine mtima wanga sunakhazikike kuyambira Lolemba. Ndidikira pompano."

Anaima pakati pa chipinda, manja ali kumbuyo. Winfrida anamuyang'ana, kenako anayang'ana Rogers, amene anali atazolika. Anaimba. Anatchula dzina lake, dzina la bambo ake, n'kunena kuti dandaulo lake linali lolakwika. Mayi wa ku agency anati amva, ndipo anafunsa ngati banjalo lingafune kuti awatumizire wosamalira wina.

Onse anayang'ana Marjorie.

Iye anapita pakona, anachotsa thawulo pa fulemu, n'kuipinda. Ananyamula chitsulocho n'kuchiika patsogolo pa a Mulenga. Kenako anamasula lamba pamkono pawo, n'kupereka ndodoyo kwa Rogers.

"Izi zikaonedwe kaye ndi a physio, ophunzitsa odwala kuyenda aja. Akazivomera, malamba tidula. Pakadali pano, ngati mukufuna mwana wanuyu akusiyeni m'nyumba muno, aone ndi maso ake kuti mukuyenda. Mpaka kukhitchini ndi kubwerera."

"Na ichi chintu cha bantu bofa? Na kwanja kumozi?"

"Mbali inayo ndigwira ine. Dzukani."

A Mulenga anatukwana m'Chibemba, mawu amene a Shadrick ananamizira kuti sanawamve. Anagwira fulemu ndi dzanja lamanzere. Marjorie analowetsa mkono wake kukhwapa kwawo kwa kumanja, kutali ndi chala, ndipo nkhalamba inadzuka.

"Hello?" anatero mawu a pafoni. "Mukufuna wina?"

Winfrida anayang'ana bambo ake akuponya phazi loyamba.

"No," anatero. "Alipo kale."